Masamu aulula cifukwa cake sickle cell sikutha m'dziko la malungo

MAKOLO ambiri m'makomboni mwathu anamvapo za matenda a sickle cell, ndipo ena ali ndi mwana amene amagonekedwa m'cipatala kawiri-kawiri cifukwa ca kuphwanya kwa mafupa ndi kucepa kwa magazi. M'nyumba zambiri matendawa abweretsa ndeu. Acibale a kucimuna amaloza cala mkazi kuti ndiye anabwera ndi magazi oipa, a kucikazi nao amaganizira mfiti, ndipo tindalama tocepa ta pa nyumba timathera kwa ang'anga. Maukwati ena atha kumene pa cifukwa ici.

Pali funso limene linasautsa madotolo kwa zaka zambiri. Kale ana ambiri obadwa ndi matendawa anali kumwalira asanakule, osasiya mwana. Nanga ngati odwalawo sanali kubereka, n'cifukwa ciani matendawa sanathe okha? Yankho linapezeka pamene nzeru za madotolo zinakumana ndi nzeru za akatswiri a masamu, ndipo mbali ina ya nkhaniyi inayambira muno m'Zambia.

Matendawa n'ciani?

M'magazi a munthu muli maselo ofiira amene nchito yao ndi kunyamula mpweya wa okosijeni kucokera ku mapapo kupita nao m'thupi monse. Maselowa ndi obulungira, ofewa, ndipo amapindika mosavuta polowa m'timitsempha ting'onoting'ono. Cimene cimanyamula mpweyawo mkati mwao cimachedwa hemogilobini.

Mwa munthu wa sickle cell hemogilobini imeneyi ndi yosiyana pang'ono. Mpweya ukacepa, selo limauma ndi kupindika ngati cikwakwa comwetera udzu. Maselo otere amakodwa m'timitsempha, magazi saenda bwino, ndipo ndiko kumacokera ululu woopsa wa m'mafupa, m'mimba ndi m'cifuwa. Selo labwino limakhala masiku pafupifupi 120, koma lopindika limafa pakati pa masiku 10 ndi 20. N'cifukwa cake magazi a mwana wotere amakhala ocepa nthawi zonse.

Dotolo wa ku Chicago, James Herrick, ndiye analemba za maselowa m'caka ca 1910 atawaona m'magazi a mnyamata wa sukulu wocokera ku cisumbu ca Grenada. Kafukufuku anaonetsa kuti m'caka ca 2010 ana oposa 300,000 anabadwa ndi matendawa pa dziko lonse, ndipo ambiri a iwo anabadwira mu Africa.

Mbeu ziwiri, ya atate ndi ya amai

Zimene mwana amatengera kwa makolo ace zimayenda m'timbeu ta cibadwa, timene pa Cizungu amati gene. Pa nkhani ya hemogilobini munthu aliyense ali ndi mbeu ziwiri, imodzi yocokera kwa atate ndi ina yocokera kwa amai. Mbeu yabwino imachedwa A ndipo ya sickle cell imachedwa S.

Wolandira A kwa makolo onse awiri ndi AA. Wolandira A kwa kholo limodzi ndi S kwa kholo lina ndi AS. Munthu wa AS sadwala matendawa, amagwira nchito ndi kukalamba monga wina aliyense, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo mbeuyo. Amene amadwala ndi wa SS, amene analandira S kwa atate ndi S kwa amai. Mfundo iyi inatsimikiziridwa m'caka ca 1949 ndi anthu awiri ogwira nchito payekha-payekha, James Neel wa ku America ndi E. A. Beet, dotolo amene anali muno pamene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia.

Mvetsetsani bwino apa, inu apongozi. Mwana sangabadwe SS ngati mbeu ya S ili mwa mai yekha. Iyenera kukhalanso mwa bambo.

Mungayese zimenezi pa nyumba. Tengani makapu awiri, ina ya bambo ina ya mai, ndipo m'kapu iliyonse muikemo nyemba imodzi yoyera ndi imodzi yofiira. Yoyera ndiyo A, yofiira ndiyo S. Tsinzinani, tolani nyemba imodzi m'kapu iliyonse, onani zimene mwatola, ndipo muzibwezere. Mukacita zimenezi nthawi zambiri mudzaona kuti pa maulendo 4 alionse, pafupifupi ulendo umodzi mutola zoyera zokha, maulendo awiri mutola yoyera ndi yofiira, ndipo ulendo umodzi mutola zofiira zokha.

Umu ndi mmene zilili pamene mwamuna ndi mkazi onse ali AS. Pa mimba iliyonse mwai woti mwana akhale SS ndi umodzi mwa 4. Nyemba sizikumbuka zimene munatola dzulo. Kubadwa kwa mwana mmodzi wodwala sikutanthauza kuti atatu otsatira adzakhala abwino, ai. Mwa mabanja 100 otere okhala ndi ana 4, masamu aonetsa kuti pafupifupi mabanja 32 sadzaona mwana wodwala ngakhale mmodzi, pamene ena adzaona awiri kapena atatu. Cotero mau akuti "kwathu kulibe matenda amenewa" sali umboni. Mbeu ikhoza kuyenda mobisika kucokera kwa ambuya kufika kwa adzukulu.

Thumba la mtundu wonse

Tsopano tisiye banja limodzi, tiganizire mtundu wonse wa anthu. M'caka ca 1908 katswiri wa masamu wa ku Cambridge, G. H. Hardy, ndi dotolo wa ku Stuttgart m'dziko la Germany, Wilhelm Weinberg, anapeza njira yowerengera zimenezi.

Tiyerekeze kuti mbeu zonse za makolo a m'dera lina zili m'thumba limodzi, ndipo pa nyemba 10 zilizonse imodzi ndi yofiira. Mwana aliyense wobadwa amatola ziwiri. Mwai wotola yofiira koyamba ndi umodzi mwa 10, ndipo wotolanso yofiira kaciwiri ndi umodzi mwa 10. Tikacurukitsa 10 ndi 10 tipeza 100, ndiye kuti mwana mmodzi mwa 100 adzakhala SS. Mwai wotola yoyera ndi 9 mwa 10, ndipo 9 kucurukitsa ndi 9 ndi 81. Ana 81 adzakhala AA. Otsala 18 adzakhala AS.

Tiwerenge mbeu za ana 100 amenewa. Aliyense ali ndi ziwiri, zonse pamodzi 200. Zofiira zili 18 mwa ana a AS ndi 2 mwa mwana wa SS, zonse 20. Mbeu 20 mwa 200 ndi imodzi mwa 10, monga zinalili kwa makolo ao. Ili ndilo lamulo la Hardy ndi Weinberg: ngati palibe cinthu cimene cikupha kapena kukondera mbeu ina, ciwerengero ca mbeu sicisintha m'badwo ndi m'badwo.

Ziwerengero izi sizili kutali ndi za kuno kwathu. Akatswiri a zaumoyo amayerekeza kuti m'Zambia pafupifupi munthu mmodzi mwa 5 ndi AS. Ngati n'tero, banja limodzi mwa mabanja 25 ndi la mwamuna ndi mkazi onse a AS, ndipo gawo limodzi mwa magawo 4 a ana ao ndilo limatipatsa mwana mmodzi wodwala pa ana 100 obadwa.

Kupeta kwa cilengedwe

M'caka ca 1859 Charles Darwin analemba kuti cilengedwe cimasankha. Zamoyo zimene zili ndi cibadwa cozithandiza zimakula ndi kubereka, ndipo cibadwaco cimafala. Zimene zili ndi cibadwa cozivulaza zimafa msanga, ndipo cibadwaco cimacepa, monga mmene licero limataira mankhusu ndi kusunga mphale. Pakati pa 1924 ndi 1932 akatswiri atatu, J. B. S. Haldane, Ronald Fisher ndi Sewall Wright, anaika ganizo limeneli m'masamu, kuti munthu athe kuwerenga liwiro limene mbeu imafalira kapena kuthera.

Tiyeni tigwiritse nchito masamu ao pa ana athu 100 aja, monga zinalili kale kusanabwere zipatala. Mwana wa SS wamwalira asanabereke, ndipo wapita ndi mbeu zace ziwiri zofiira. Patsala anthu 99 okhala ndi mbeu 198, ndipo zofiira ndi 18. Zimenezi ndi pafupifupi 9 pa 100 iliyonse, pamene poyamba zinali 10. M'badwo wotsatira zicepanso. Pakapita mibadwo 10, zimene zili zaka pafupifupi 250, mbeu zofiira zidzakhala zitatsala 5 pa 100.

Koma mbeu ya S si ya dzulo. Kafukufuku wa m'caka ca 2018 anayerekeza kuti inayamba zaka pafupifupi 7,300 zapitazo. Ndipo pamene madotolo anayamba kupima magazi kum'mawa kwa Africa, anapeza madera ena a ku Uganda kumene anthu mpaka 40 mwa 100 anali AS. Masamu anali kunena kuti mbeu yakupha motere siyenera kucuruka conco. Panayenera kukhala cinthu cina cimene cinali kuibwezera m'thumba.

Kucokera ku Balovale kufika ku Kenya

M'caka ca 1946 dotolo Beet uja, akugwira nchito ku Balovale, kumene lero kumachedwa Zambezi m'cigawo ca kumpoto ca kumadzulo, analemba kuti tizirombo ta malungo sitinali kupezeka kwambiri m'magazi a anthu okhala ndi mbeu ya S poyerekeza ndi anzao. M'caka ca 1949 Haldane naye anapereka ganizo lakuti matenda ena a magazi, ofala m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, anacuruka cifukwa mbeu yace imateteza ku malungo.

Amene anasonkhanitsa umboni wokwanira ndi Anthony Allison, dotolo amene anakulira ku Kenya. Iye anaona kuti mbeu ya S inali yocuruka ku gombe la nyanja ya mcere ndi m'mbali mwa nyanja ya Victoria, kumene malungo ndi oopsa, koma inali yosowa ku mapiri ozizira kumene udzudzu ndi wocepa. Anapimanso ana a ku Uganda ndipo anapeza kuti a AS anali ndi tizirombo tocepa. Anafalitsa zimenezi m'caka ca 1954. Kafukufuku wina wa ku Kilifi m'dziko la Kenya, wofalitsidwa m'caka ca 2005, anaonetsa kuti kukhala AS kumacepetsa ngozi ya malungo aakulu ndi magawo pafupifupi 9 mwa 10. Cimodzi mwa zifukwa zace n'cakuti selo la munthu wa AS likalowedwa ndi kacirombo limapindika msanga, ndipo kapamba amalicotsa m'magazi pamodzi ndi kacirombo komweko.

Sikelo ya mbali ziwiri

Tibwerere kwa ana 100 aja, koma tsopano tiikepo malungo. Ziwerengero izi n'zacitsanzo cabe, kuti tione mmene masamu ayendera. Tinene kuti malungo apha mwana mmodzi mwa ana 9 alionse a AA, koma a AS apulumuka. Pa ana 81 a AA, 9 amwalira ndipo patsala 72. A AS akali 18. Wa SS wamwalira ndi matenda ace. Ofika pa msinkhu wobereka ndi 90, mbeu zao ndi 180, ndipo zofiira ndi 18. Mbeu 18 mwa 180 ndi imodzi mwa 10. Tabwerera pamene tinayambira.

Apa ndipo pagona yankho. Sickle cell inacotsa mbeu 2 zofiira, malungo anacotsa mbeu 18 zoyera, ndipo sikelo inakhala yolingana. M'badwo uliwonse zimacitika cimodzimodzi, motero mbeu ya S sikutha ndiponso sidzaza thumba lonse.

Masamu omwewa amatiuza zimene zidzacitika malungo akakula. Ngati apha mwana mmodzi mwa ana 4 a AA, sikelo imaima pamene mbeu zofiira zafika 2 mwa 10. Pamenepo ana 100 amabadwa motere: 64 AA, 32 AS ndi 4 SS. Malungo atenga 16 mwa 64 aja, patsala anthu 80 okhala ndi mbeu 160, ndipo zofiira ndi 32, zimene zili 2 mwa 10. N'cifukwa cake kumene malungo anali oopsa kwambiri ndiko kulinso sickle cell yambiri. Mbeu imene acibale amaicha magazi oipa ndiyo inapulumutsa makolo athu akale ambiri pamene kunalibe mankhwala kapena neti.

Malungo akacoka, mbeuyi imacepa, koma pang'onopang'ono zedi. Taona kuti kucoka pa 10 kufika pa 5 kumatenga mibadwo 10. Kucoka pa 5 kufika pa theka lace kumatenga mibadwo ina 20. Ku United States, kumene malungo anatha kale, mwana mmodzi mwa 13 a anthu akuda amabadwabe ndi mbeu ya S, ngakhale kuti makolo ao anatengedwa ukapolo ku Africa zaka mazana zapitazo.

Cifukwa ca kucedwa kumeneku cili m'ziwerengero zathu zija. Pa mbeu 20 zofiira, 18 zili mwa anthu a thanzi labwino, ndipo 2 zokha ndizo zili mwa wodwala. Cotero kusala odwala kapena kuwaletsa kukwatira sikungacotse matendawa m'mtundu. Ndipotu munthu wa SS akakwatirana ndi wa AA, ana ao onse amakhala AS, ndipo palibe amene amadwala.

Tizirombo nato timapetedwa

Masamu amenewa amagwiranso nchito pa tizirombo ta malungo. Acikulire akukumbuka chloroquine, mankhwala owawa aja amene anali kuciza malungo bwino. Pakati pa tizirombo panabuka tina tokhala ndi mbeu yopirira mankhwalawa. Nthawi iliyonse imene anthu anamwa chloroquine, tizirombo tofooka tinafa ndipo topirira tinatsala ndi kucurukana. Vutoli linafika kum'mawa kwa Africa m'caka ca 1978 ndipo linafala msanga.

M'caka ca 1993 dziko la Malawi linaleka chloroquine ndi kuyamba Fansidar. Ku Blantyre, tizirombo 85 mwa 100 tinali ndi mbeu yopirira m'caka ca 1992, koma pofika caka ca 2000 tinatsala 13 mwa 100. Mbeu yopirirayo ili ndi mtengo wace. Pamene palibe chloroquine, kacirombo kokhala nayo kamapambanidwa ndi anzace. Zinasintha m'zaka 8 zokha cifukwa m'badwo wa tizirombo ndi wa miyezi yocepa, pamene wa munthu ndi wa zaka 25. Dziko la Zambia linasankha Coartem m'caka ca 2002.

Phunziro lace ndi ili. Mukapatsidwa Coartem, malizani mankhwala onse a masiku 3 ngakhale thupi litapola tsiku laciwiri, ndipo musamwe mankhwala a malungo musanapimidwe magazi. Wosiira pa njira amapha tizirombo tofooka ndi kusunga tolimba, ndipo udzudzu umatitengera ku nyumba ya mnansi. Musabwerere ku chloroquine mwa inu nokha.

Zimene banja lingacite

Coyamba ndi kudziwa magazi anu. Anyamata ndi atsikana amene ali pa citomero apite ku cipatala akapimitse asanamange ukwati, ndipo ankhoswe ndi alangizi aike nkhaniyi pa malangizo ao. Funsani anamwino kuti akuuzeni mtundu wa kupima. Kupima kwina kumangoonetsa kuti S ilipo, pamene kupima kochedwa electrophoresis kumasiyanitsa AS ndi SS. Onse awiri akapezeka AS, cosankha n'cao, koma asankhe akudziwa za mwai uja wa umodzi mwa 4.

Caciwiri ndi kuzindikira mwana msanga. Zizindikiro zimayamba kuoneka mwana akafika miyezi 5 kapena 6. Manja ndi mapazi zimatupa ndi kuwawa, maso amakhala acikasu, zikhato ndi milomo zimayera, mwana amalira osatonthola ndipo amadwala pafupipafupi. M'caka ca 2021 nchito yopima makanda ongobadwa kumene inayamba pa cipatala ca UTH ku Lusaka ndi pa cipatala ca ana ca Arthur Davison ku Ndola. Mwana wodziwika msanga amayamba cithandizo ngozi isanafike.

Cacitatu ndi cisamaliro ca tsiku ndi tsiku. Mwana wa SS azimwa madzi ambiri, azifunda bwino m'miyezi yozizira ya June ndi July, ndipo asasambe madzi ozizira. Alandire katemera yense. Azimwa folic acid ndi penicillin monga anenera adotolo, cifukwa kapamba wace amaonongeka akali wamng'ono ndipo thupi limalephera kulimbana ndi matenda a cibayo ndi ena. Musam'patse mankhwala a iron oonjezera magazi popanda kufunsa ku kiliniki. Palinso mankhwala ochedwa hydroxyurea. Kafukufuku wocitikira ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, wofalitsidwa m'caka ca 2019, anaonetsa kuti ana omwa mankhwalawa anacepa kumva ululu, kuikidwa magazi ndi kumwalira. Funsani adotolo ngati mwana wanu angawalandire.

Thamangani naye ku cipatala tsiku lomwelo ngati thupi latentha, ngati akupuma movutika, ngati wayera mwadzidzidzi ndipo mimba yatupa ku manzere, kapena ngati dzanja, mwendo kapena pakamwa zafooka. Pa mwana wa SS malungo ndi oopsa koposa, cifukwa amaononga magazi amene ndi ocepa kale.

Inunso a AS musanyengeke. Citetezo canu n'ca ku malungo aakulu, koma udzudzu umakulumani ndipo mukhoza kudwala. Banja lonse lizigona m'neti usiku uliwonse, ndipo kwirirani zithaphwi za pafupi ndi nyumba nthawi ya dzinja.

Tsiku la 19 June caka ciliconse ndi lokumbukira matenda a sickle cell pa dziko lonse, monga linagwirizanira bungwe la United Nations m'caka ca 2008. Masiku ano ana ambiri a SS amene akusamalidwa bwino akumaliza sukulu, akugwira nchito ndipo akumanga mabanja. Ngati pa nyumba panu pali mwana wotere, bambo ndi mai mupite naye ku kiliniki nonse awiri, mukapimitse magazi anu ndi a abale ace, ndipo mukafotokozere acibale a mbali zonse ziwiri zimene mwamva.